Malangizo oikira WordPress aja tiwalembenso, anthu akukakamira pa nambala 3

Feliciano (Ulongué): Mwaswera bwanji nonse. Malangizo aja ndinaponya muno mwezi watha, oikira WordPress (pulogalamu yopangira webusaiti) pa laputopu, aphunzitsi Maseko akufuna kuwagawira ana awo a makompyuta, ndiponso a bungwe la alimi a mbatatesi awapempha. Tisanawasindikize, amene munawayesa nenani pamene panakuvutani. Musandimvere chisoni.

Celestina (Tsangano): Poti mwayamba nokha mano, ine ndili pa nambala 3 mpaka lero. Palembedwa kuti "Pangani database mu phpMyAdmin." Basi, chiganizo chathera pomwepo. Ndasakasaka laputopu yonse, pa Ambiente de trabalho (Desktop) palibe chinthu cha dzina limenelo, pa mndandanda wa mapulogalamu mulibenso. Ndinafika poganiza kuti XAMPP yanga, pulogalamu ija yoyendetsera webusaiti pa kompyuta, inabwera yoperewera.

Feliciano (Ulongué): Ayi mana, si pulogalamu yoti muione payokha, ndi tsamba lopangirapo database, nkhokwe yosungiramo zolemba za webusaiti. Mumatsegula Chrome n'kulemba localhost/phpmyadmin.

Celestina (Tsangano): Nanga bwanji papepala simunalembe choncho? Ndipo kulembako ndilembe pati? Ndayesa pompano m'bokosi la Google, zandibweretsera masamba a anthu ena ofunsa mafunso m'Chingerezi.

Feliciano (Ulongué): Pamwamba penipeni, pamene pamakhala adiresi ya tsamba. Koma Apache ndi MySQL, mapulogalamu awiri a m'kati mwa XAMPP, zikhale zoyatsa kaye.

Celestina (Tsangano): Zoyatsa pati?

Dalitso (Moatize): Kkkk. Achemwali, musakhumudwe, koma ntchito imeneyi ili ndi eni ake. WordPress inayamba 2003, ndipo dziko lonse limaidziwa kuti imaikidwa pa mphindi zisanu. Pepala la Feliciano lili bwinobwino, ine ndaliwerenga. Munthu amene sadziwa kuti localhost n'chiyani ayambe waphunzira kompyuta, webusaiti ibwere pambuyo. Kapena angolipira wina amuikire.

Aphunzitsi Maseko: A Dalitso, mphindi zisanu zimenezo amayamba kuwerenga database itapangidwa kale, mafayilo atafika kale pamalo pake. Zimene zikuwavuta a Celestina zonse zili kumbuyo kwa mphindi zisanuzo. Ndipo pepalali mutu wake ukuti ndi la oyamba kumene. Ngati inu mwaliwerenga n'kulimva, sizikutiuza kanthu, chifukwa inu mukanaika WordPress ngakhale popanda pepala.

Dalitso (Moatize): Safunsa anadya phula aphunzitsi. Akakanika afunse muno, monga achitira a Celestinamu.

Aphunzitsi Maseko: Afunse usiku ali kumudzi kopanda netiweki? Pepala ndiye liyenera kuyankha.

Esnati (Zóbuè): Ine ndingofunsa ndisanawononge mamega anga. Ndilibe laputopu, ndili ndi foni yokha. Malangizowa akundikhudza kapena ayi? Ndawerenga mpaka kumapeto koma palibe pamene akunena.

Feliciano (Ulongué): XAMPP siikidwa pa foni, mana. Ndi ya Windows, Linux ndi Mac.

Esnati (Zóbuè): Ndiye zimenezo zikhale mzere woyamba. Munthu adziwiretu asanayambe.

Aphunzitsi Maseko: A Esnati anena mfundo yaikulu. Nambala 1 isanafike pakhale kandime ka "Musanayambe" konena zinthu zochepa zokha: pakufunika kompyuta osati foni, XAMPP ndi fayilo ya pafupifupi 150 MB, WordPress pafupifupi 30 MB, ndipo mukamaliza tsamba lanu lidzaoneka pa kompyuta yanu yokhayo. Munthu wogula mamega a tsiku limodzi ayenera kudziwa ngati akwana, asadukize pakati.

Celestina (Tsangano): Dikirani kaye aphunzitsi. Pa kompyuta yanga yokha? Ndiye apampando a bungwe lathu sadzaliona pa foni yawo? Ine ndawalonjeza kuti ndikamaliza ndiwatumizira linki aone mitengo ya matumba a mbatatesi, ogula a ku Tete ndi ku Beira azitipeza.

Dalitso (Moatize): Mukawatumizira localhost/wordpress foni yawo idzadzifufuza yokha n'kupeza kuti mulibe kanthu. Localhost ndi makina amene mwagwira m'manjawo. Kuti a ku Beira aone pamafunika hosting, malo obwereka pa intaneti osungirapo tsamba, ndi dzina la tsamba, ndipo zonsezo kawirikawiri n'zolipira chaka ndi chaka.

Celestina (Tsangano): Eee. Ndiye sabata yonseyi ndikuvutikira chinthu choti sichituluka m'nyumba muno?

Aphunzitsi Maseko: Simukuvutika pachabe, ndi pophunzirira pabwino, mukaphwanya kanthu palibe akuonani ndipo palibe ndalama yatayika. Zimene mwamanga zimathanso kusamutsidwa pambuyo pake. Koma taonani a Dalitso, mwafotokoza bwino kwambiri m'mizere iwiri. Mizere imeneyo ndi imene ikusowa papepala.

Feliciano (Ulongué): Ndalemba. Ndiye mapepala akhala awiri. Loyamba la pa laputopu, lachiwiri la pa hosting.

Armando (Furancungo): Moni nonse, ndangolowa kumene, ndimawerenga za m'mwambamu. Ine nambala 3 ndinadutsa chifukwa mlamu wanga anandionetsa. Panandigwira ndi pa nambala 2, "Ikani foda ya wordpress mu htdocs." Choyamba htdocs sanatchule kuti ili kuti. Ili mu C:\xampp, koma munthu angalote? Chachiwiri, nditamasula zip ija Windows inapanga foda ya dzina lalitali lokhala ndi manambala, ndipo m'kati mwake ndi mmene munali foda ya wordpress. Ine ndinanyamula yakunjayo. Kulemba localhost/wordpress, Not Found. Mafayilo onse alimo, koma ali chipinda chimodzi m'katimo.

Dalitso (Moatize): Chimenecho ndiye chimagwira anthu ambiri, ndivomereze. Ena samasula n'komwe, amangodina zip kawiri, ikatseguka ngati foda amaganiza kuti yatheka.

Armando (Furancungo): Palembedwe chonchi: tsegulani C:\xampp\htdocs\wordpress. Mukaona mafoda atatu, wp-admin, wp-content ndi wp-includes, muli pabwino. Mukapanda kuipeza, mu htdocs n'kuona foda ya dzina lalitali ija, mwalowetsa yakunja, itulutseni yam'katiyo.

Aphunzitsi Maseko: A Armando, mmene mwalemberamo ndi mmene ndikufuna pepala lonse likhalire. Ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Vuto la pepala la Feliciano si kuti muli bodza, ayi. Chilichonse cholembedwamo n'choona. Koma likunena zochita zokha, silikunena zimene munthu aone akachita. Wodziwa kale amadziwa yekha kuti zatheka, maso ake anazolowera. Woyamba kumene akadina batani sikirini imasintha, ndipo sadziwa ngati kusinthako n'kwabwino kapena waononga. Amapitirira ndi mantha, cholakwika cha pa nambala 2 n'kudzaonekera pa nambala 6, ndiye amakonza pa 6 pamene palibe vuto. Zili ngati kulozera mlendo njira kuti "mukafika pamene panali mkuyu uja mukhotere kumanja." Kwa ife obadwira konkuno ndi malangizo omveka, mlendo akungoona chitsa ndi udzu.

Ndiye nambala iliyonse ikhale ndi chochita chimodzi, kenako "mudzaona chakuti", kenako "mukapanda kuona, chitani chakuti." Nambala 3 ine ndikanailemba chonchi:

3a. Tsegulani XAMPP Control Panel. Dinani Start pa mzere wa Apache, kenako Start pa mzere wa MySQL. Mayina awiriwo adzasanduka obiriwira, mabatani adzasintha kukhala Stop. Pa Apache padzatuluka manambala 80, 443, pa MySQL 3306.

3b. Tsegulani Chrome. Pamwamba penipeni lembani localhost/phpmyadmin n'kudina Enter. Mudzaona tsamba lokhala ndi mndandanda kumanzere. Mayina amene ali pamndandandawo musawakhudze.

3c. Pamwamba pa mndandandawo dinani New. Ngati yanu ili m'Chipwitikizi palembedwa Novo. M'bokosi la dzina lembani alimi, zilembo zing'onozing'ono, popanda mpata. Dinani Create kapena Criar.

3d. Dzina loti alimi lidzaoneka kumanzere. Tsambalo lidzanena kuti mulibe matebulo ndipo lidzakupemphani kupanga tebulo. Musapange. WordPress idzapanga yokha. Tsekani.

Mzere umodzi wa Feliciano wasanduka inayi, ndipo pepala litalika. Palibe vuto.

Celestina (Tsangano): Ndatsatira pompano ndi foni kudzanja lino, laputopu pamwendo. Zatheka! Alimi yaoneka kumanzere. Ndipo 3d ija mukanapanda kunena ndikanayamba kudzaza za tebulozo, bokosi lake lili pakati penipeni ngati likundidikira.

Dalitso (Moatize): Chabwino, koma mukalemba chonchi pepala lifika masamba 15. Ndani awerenge? Anthu athu PDF ikapitirira masamba atatu amangoitseka. Bola tijambule vidiyo.

Esnati (Zóbuè): Vidiyo pa mamega ati achimwene? Ndiponso pa foni zilembo za pa sikirini ya laputopu sizioneka, umangoona kamuvi kakuyendayenda. Ukafuna kubwerera pamene unasochera uzikoka uku ndi uku. Pepala umaika chala pamene uli.

Armando (Furancungo): Malangizo sawerengedwa ngati nkhani. Umawerenga mzere umodzi, kuchita, kubwerera. Masamba 15 amene ndikuyenda nawo ndi afupi kuposa awiri amene andiimitsa sabata.

Feliciano (Ulongué): Nanga zithunzi? Ndimafuna nambala iliyonse ikhale ndi chithunzi cha sikirini.

Aphunzitsi Maseko: Zikhalepo koma zodula. Osajambula sikirini yonse, dulani pamene pali batanilo n'kulizunguliza. Kumbukirani kuti ana anga adzalandira fotokope yakuda ndi yoyera, ndiye "chobiriwira" sichidzaoneka. N'chifukwa chake pa 3a ndatchulanso manambala aja ndi mawu oti Stop. Ndipo mawu a pa batani tiwasiye mmene alili pa sikirini. Kufotokoza kukhale kwa Chichewa, koma Start akhale Start, chifukwa ndi zimene maso akufunafuna.

Celestina (Tsangano): Laputopu yanga ndi ya Chipwitikizi, ya Feliciano ndi ya Chingerezi. Iye akati Downloads kwa ine ndi Transferências. Muziika onse awiri.

Armando (Furancungo): Kuno ambiri ndi choncho. Ogula ku Tete ali ndi Chipwitikizi, ogula kudzera ku Dedza kapena ku Lilongwe ali ndi Chingerezi, kiyibodi yakenso yosiyana. Pa ya Chipwitikizi @ amatuluka ndi AltGr ndi 2, pa inayo kawirikawiri ndi Shift ndi 2. Zikuoneka zazing'ono koma pofika polemba imelo munthu amaima.

Feliciano (Ulongué): Ndaonjezera. Tsopano nambala 4, ya wp-config.php, fayilo imene imauza WordPress mmene ingalowere mu database. Pamenepo ndiye ndinafotokoza kwambiri.

Aphunzitsi Maseko: Imeneyo ichoke yonse.

Dalitso (Moatize): Ayi aphunzitsi, pamenepo ndiye ndikana. Munthu woika WordPress osadziwa wp-config.php tsiku lina adzalira. Ndi mmene muli DB_NAME, DB_USER, DB_PASSWORD, DB_HOST. Akadzasamutsa tsamba kupita pa hosting adzayambira pati?

Aphunzitsi Maseko: Adzaphunzira tsiku losamutsalo. Lero WordPress imapanga fayiloyo yokha. Ukatsegula localhost/wordpress imakufunsa mafunso asanu pa fomu, iwe n'kuyankha, iyo n'kulemba. Kumuuza woyamba kumene kuti asinthe dzina la wp-config-sample.php n'kulowamo ndi Notepad ndi kumutsegulira makomo atatu olakwira. Windows imabisa mapeto a mayina a mafayilo, ndiye wina amasunga wp-config.php.txt osadziwa. Wina amafufuta kachizindikiro kamodzi kotsekera mawu, tsamba lonse n'kuyera. Ndipo chachitatu chili m'pepala momwemo. Feliciano, unalilemba mu Word?

Feliciano (Ulongué): Eya, kenako ndinasandutsa PDF.

Aphunzitsi Maseko: Tayang'ana mzere wa define uja. Word imapinda tizizindikiro toongoka tija kukhala tokhota. Pa maso n'tofanana, koma PHP, chilankhulo chimene WordPress inalembedwamo, imafuna toongoka. Mwana akakopera mzerewo kuchokera mu PDF n'kuuika mu fayilo, alandira uthenga wa zolakwika ngakhale watsatira zonse.

Dalitso (Moatize): Ndayang'ana, n'tokhotadi. Komabe ndikuti isatayidwe. Ipite kumapeto, mutu wake ukhale wa amene WordPress yawakanira kulemba fayiloyo yokha, chifukwa pa ma hosting ena zimachitika. Ndipo ndilemba ndine, ndi zilembo zoongoka.

Aphunzitsi Maseko: Kumapeto ndavomera.

Celestina (Tsangano): Ine ndadumpha nambala 4 monga mwanenera, ndili pa fomu ya mafunso asanu ija. Database Name ndalemba alimi. Username ndalemba dzina langa, Password ndaika imene ndimaikonda. Ikuti Error establishing a database connection.

Armando (Furancungo): Ndi pamenepo! Aliyense amagwa pamenepo. Sakufunsa dzina lanu mana. Akufunsa dzina lolowera mu database. Pa XAMPP lembani root, bokosi la Password mulisiye lopanda kanthu, Database Host isiyeni localhost, Table Prefix isiyeni wp_.

Celestina (Tsangano): Lopanda kanthu zenizeni? Osalemba ngakhale kadontho?

Armando (Furancungo): Mbee. Ngati muli mawu kale afufuteni.

Celestina (Tsangano): Yadutsa. Ndadina Run the installation. Koma taonani, yandifunsanso Username ndi Password kachiwiri. Ndilembenso root?

Dalitso (Moatize): Ayi ayi. Apa ndiye panu tsopano. Limeneli ndi dzina limene muzilowera nalo mu WordPress tsiku lililonse. Musalembe root, musalembenso admin, chifukwa akuba pa intaneti amayamba kuyesa limenelo. Pasiwedi ilembeni m'kope musanadine batani.

Aphunzitsi Maseko: Mwaona a Dalitso? Mafomu awiri otsatizana, mawu ofanana, zinthu zosiyana. Pepala lakale pamenepa limangoti "Dzazani fomu n'kumaliza." Ine ndikufuna tsamba lomaliza la malangizo likhale ndi mabokosi oti munthu alembemo ndi cholembera: dzina la database, dzina ndi pasiwedi ya database, dzina ndi pasiwedi ya WordPress. Pa hosting pamaonjezekera ya cPanel, tsamba loyendetsera hostingyo, kukhala mapasiwedi atatu. Ndaonapo anthu akuluakulu akusokoneza zimenezi.

Dalitso (Moatize): Kulemba mapasiwedi papepala ine sindikondwera nako. Pepala la fotokope limagona pa tebulo la aliyense.

Aphunzitsi Maseko: Ndiye tilembe kuti tsamba limenelo alithothole n'kulisunga kumene amasunga makhadi a ku banki. Kuiwala ndi kumene ndimakuona kawirikawiri kuposa kuberedwa.

Dalitso (Moatize): Pa laputopu yophunzirira chabwino. Pa pepala la hosting tikambirananso.

Esnati (Zóbuè): Poti mwatchula hosting, ine wa foni ndili ndi mwayi pamenepo?

Dalitso (Moatize): Mulipo. cPanel imatseguka mu Chrome ya pa foni, kungoti mabatani ndi aang'ono. Ma hosting ambiri ali ndi Softaculous, mumasankha WordPress, kulemba dzina la tsamba, dzina lanu ndi pasiwedi, iyo n'kupanga database ndi zonse. Kwa woyamba kumene njira ndi imeneyo. Chinthu chimodzi choti pepala lichenjeze: pali kabokosi ka In Directory, nthawi zina mumakhala mutalembedwa kale wp. Mukakasiya choncho tsamba lanu lidzakhala pa dzina lanu kenako /wp, osati pa dzina lokhalo. Kafufuteni.

Feliciano (Ulongué): Ndiye njira ya pamanja pa hosting tiisiye?

Dalitso (Moatize): Ikhale yachiwiri, kwa amene hosting yawo ilibe Softaculous. Misampha yake ndikuidziwa. Mafayilo amapita mu public_html, ndipo nkhani ya foda m'kati mwa foda ija ya Armando imabweranso. Dzina la database cPanel imaliphatikiza ndi dzina la akaunti kutsogolo, ndiye ukalemba alimi chenicheni chimakhala dzinalako_alimi, ndipo pa fomu uyenera kulemba lonselo. Root kulibe kumeneko, umapanga wekha wolowera, kenako n'kumulumikiza ku database n'kuchonga All Privileges. Ambiri amaiwala kulumikizako, uthenga uja a Celestina anauona n'kutuluka. Chinanso, ukakweza mafayilo umalize tsiku lomwelo. Tsamba loikira likangokhala lotseguka pa intaneti, aliyense wolipeza akhoza kumaliza m'malo mwako n'kukhala mwini wake.

Aphunzitsi Maseko: Munthu amene amati ntchitoyi ili ndi eni ake walemba theka la pepala lachiwiri.

Dalitso (Moatize): Kkkk ndikuteteza ntchito yanga aphunzitsi. Akaononga amabwera kwa ine Lamlungu m'mawa.

Esnati (Zóbuè): Muikemonso za kalipiridwe. Ine ndilibe khadi la Visa, ndili ndi M-Pesa ndi e-Mola. Munthu afunsiretu ngati amalandira zimenezo, ndiponso mtengo wa chaka chachiwiri, osati wa chaka choyamba chokha.

Feliciano (Ulongué): Ndiika ngati mafunso oti munthu afunse asanalipire. Mayina a makampani ndi mitengo sindiika, zimasintha msanga ndipo tingaoneke ngati tikutsatsa malonda.

Armando (Furancungo): Ine ndili ndi ina imene pepala lililonse la kunja silitchula. Kuno mvula ikangogunda magetsi amathima, ndipo yanga ndi kompyuta ya pa tebulo, ilibe batire. Magetsi atathima MySQL ili yoyatsa, pobwerera inakana kudzuka. Kudina Start, imayaka pang'ono n'kuzima, pansi zilembo zofiira: MySQL shutdown unexpectedly.

Dalitso (Moatize): Mafayilo a database amaonongeka akadukizidwa pakati polemba. Ndipo apa pepala linene mwamphamvu: pali mavidiyo ambiri ouza anthu kuti afufute fayilo ya ibdata1. MySQL imadzukadi, koma matebulo a WordPress amakhala atapita. Asafufute kanthu mu mysql\data asanakopere foda yonseyo pena.

Armando (Furancungo): Ndiye malangizo asathere pa "Mwamaliza." Pakhale nambala ina ya mmene ungazimitsire: Stop pa MySQL, Stop pa Apache, kenako kuzimitsa kompyuta. Ndi ina ya mawa lake, chifukwa munthu akayatsa kompyuta n'kulemba localhost/wordpress osayatsa XAMPP amaganiza kuti ntchito yonse yafufutika. Komanso Export mu phpMyAdmin kamodzi pa sabata, kusunga pa fulashi pamodzi ndi foda ya wp-content.

Celestina (Tsangano): Ya mawa lakeyo ikanandigwira ine ndithu.

Feliciano (Ulongué): Za fulashi mwandikumbutsa. Ndimaganiza kuti tiike XAMPP ndi WordPress pa fulashi imodzi izizungulira, anthu asamagule mamega.

Dalitso (Moatize): Ganizo labwino koma fulashi imakalamba. Ilipo ina ikuyenda kuno ya XAMPP yakalekale ya PHP 5.6. WordPress 6.6 ya 2024 imafuna PHP 7.2.24 kupita m'mwamba, ndipo zotsatira zake sizibwerera pansi. Munthu amatenga XAMPP ya pa fulashi, WordPress yatsopano ya pa intaneti, n'kulandira uthenga woti PHP yake ndi yakale. Pamwamba pa pepala palembedwe mwezi, chaka, ndi manambala a XAMPP ndi WordPress amene tayesera. Pa fulashi pakhale zomwezo, ndi PDF yake momwemo.

Aphunzitsi Maseko: Pa fulashipo muike WordPress ya Chipwitikizi yochokera pa pt.wordpress.org. Ya wamba ija imafuna intaneti kuti ikupatse mndandanda wa zilankhulo, popanda intaneti imangopitirira m'Chingerezi. Kalasi yanga ilibe intaneti, ndipo ana amawerenga Chipwitikizi bwino kuposa Chingerezi.

Feliciano (Ulongué): Ndiye zithunzi za fomu zija ndijambulenso m'Chipwitikizi. Ntchito yakula.

Esnati (Zóbuè): Kuno kumalire ambiri anaphunzira ku Mwanza, amamva Chingerezi. Musatitaye.

Feliciano (Ulongué): Zithunzi za Chipwitikizi, mawu a Chingerezi pambali pake m'chiganizo. Kupanga mapepala anayi sindingathe.

Aphunzitsi Maseko: Zikwanira. Tsopano chotsala ndi kuyesa, ndipo pano ndikufuna timvane bwino. Feliciano akamaliza kulemba asatumize muno kuti tinene ngati zili bwino. Tonse muno taipitsidwa kale, ngakhale a Celestina tsopano akudziwa root. Loweruka nditenga ana awiri amene sanamvepo za XAMPP, ndi mayi mmodzi wogulitsa mu msika amene amadziwa Facebook yokha. Aliyense kompyuta yake yoti simunaikidwepo kanthu, pepala m'manja. Feliciano ukhale kumbuyo kwawo ndi kope, manja m'thumba, pakamwa potseka. Akaima, lemba nambala imene aimapo ndi zimene akuyang'ana. Akafunsa, uwafunse kuti pepala likuti chiyani. Ukangolozera chala pa sikirini, kuyesako kwaonongeka, chifukwa chala chako sichidzapita nawo ku Tsangano.

Feliciano (Ulongué): Kukhala chete munthu akudina polakwika, aphunzitsi, ndi chilango chimenecho.

Aphunzitsi Maseko: Upirire. Akakhala mphindi khumi pamalo amodzi ndiye umuthandize, koma ulembe mawu enieni amene wamuuza, chifukwa mawu amenewo ndi amene alowe m'pepala.

Dalitso (Moatize): Kompyuta yatsopanoyo ndi yofunikadi. Poika XAMPP pamatuluka chenjezo la UAC (chitetezo cha Windows) lonena kuti usaiike mu Program Files, kenako Windows imafunsa za firewall poyatsa Apache koyamba. Ife tinadina kalekale n'kuiwala kuti zimatuluka. Woyamba kumene akaona chenjezo lachikasu amadina Cancel.

Armando (Furancungo): Ndipo Apache ikakana kuyaka chifukwa pulogalamu ina yagwira kale khomo lake lija, port 80?

Dalitso (Moatize): Zimenezo kumapeto, pa tsamba la mavuto. Tsambalo lisanjidwe potengera mawu amene munthu akuona pa sikirini, osati dzina la vutolo. Iye sadziwa kuti vuto lake ndi port, akungoona zilembo zofiira. Ndiye mutu ukhale mawu ofiirawo ndendende, pansi pake chochita. Kusintha Listen 80 kukhala 8080 mu httpd.conf ndilemba ine, pamodzi ndi chenjezo loti kuyambira pamenepo adiresi ndi localhost:8080.

Celestina (Tsangano): Ine ndalowa! Ndili pa Dashboard. Koma pa tsamba langa palembedwa kale Hello world, ndani walemba zimenezi?

Armando (Furancungo): Kkkk imabwera nayo yokha, ndi chitsanzo chabe. Pitani pa Posts muifufute.

Feliciano (Ulongué): Imeneyonso ikulowa, pa "mudzaona chakuti" ya nambala yomaliza. Ndiye tagawana chonchi: ine pepala la laputopu ndi zithunzi, a Dalitso la hosting ndi tsamba la mavuto, Armando za kuzimitsa ndi kusunga. Zonse zindipeze Lachinayi usiku kuti Lachisanu ndisindikize. Mana Celestina, munganditumizire zithunzi za sikirini yanu ya Chipwitikizi, ya Transferências ndi ya pomasula zip?

Celestina (Tsangano): Ndijambula ndi foni, kudula sikirini sindinaphunzire.

Dalitso (Moatize): Windows, Shift ndi S pamodzi, kenako kokani pamene mukufuna. Za foni zimatuluka ndi mizeremizere, pa fotokope sizidzawerengeka.

Esnati (Zóbuè): La hosting likatuluka mundipatse ine ndiliyese pa foni. Sindinaonepo cPanel chibadwire, ndiye sindinaipitsidwe.

Aphunzitsi Maseko: Loweruka 8 koloko. Feliciano ubwere ndi fulashi ziwiri ndi chingwe cha magetsi chachitali, soketi ya m'chipindamo ndi imodzi.